Tsiku Lachisanu ndi Chimodzi la Mayi Ozella

Mwezi uliwonse ukamatha, ine ndi Mayi Ozella Merriweather tinkayambana, ndipo nkhani yake inali imodzimodzi: mamailosi. Ine ndine Renita, wosunga ndalama za bungwe lathu, ndiponso wolemba makalata opempha thandizo. Iwo ndi dalaivala wa minibasi yathu. Pepala langa likati galimoto yayenda mamailosi 2,000, galimotoyo inkaonetsa 2,400. Ndikafunsa za 400 enawo, ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndinasochera, mwanawe."

"Inuyo kusochera? M'dera lino?"

"Ndi ukalamba. Udzauona nawenso."

Bodza lamkunkhuniza. Mayi Ozella anayendetsa basi ya ana asukulu zaka 26 m'misewu yomweyi ya ku Pickett, pakati pa minda ya thonje ndi soya. Amadziwa dzenje lililonse, galu aliyense, ndi khomo lililonse limene bambo wake amagona kwina. Inenso ndinakulira pa basi imeneyo, moti mpaka lero akanditchula maina onse awiri, Renita Claudette, ndimadziwa kuti zavuta.

Bungwe lathu ndi laling'ono. Tilipo anthu asanu, m'nyumba imene kale inali sitolo ya nsapato, ndipo mashelefu ake adakalipo. Ntchito yathu, monga ndimalembera m'makalata, ndi yoti munthu wakuda wa kuno ku Mississippi asamafe ndi matenda amene anzake amachira. Timayeza anthu kuthamanga kwa magazi kometera tsitsi ndi pakhomo la tchalitchi, timakumbutsa odwala shuga za mankhwala awo, koma ntchito yaikulu ndi minibasi ija. Chipatala cha m'tauni mwathu chinatseka chipinda chochilira amayi zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Mayi woyembekezera amayenera kuyenda mamailosi 70 kuti akafike kusikelo, ndipo mabasi kulibe.

Ndalama za thandizo zili ndi khalidwe limene anthu akunja salidziwa. Dola iliyonse imabwera ili pachingwe. Izi ndi za matayala, izi ndi zosindikizira timapepala, izi ndi zotengera mayi kusikelo asanachire. Mwana akangolira, mayi wake watuluka m'pepala la opereka thandizo. Ukatenga ndalama ya timapepala n'kuthirira mafuta, chaka chamawa usawalemberenso kalata. Ndiye mamailosi 400 aja ndinkawalipira ndi ndalama za milamba yokazinga imene timagulitsa Loweruka, zomwenso timalipirira magetsi. Ndani sangapse mtima?

Tsiku lina mu Epulo zinandikwana. Ndinatseka kompyuta n'kukakwera minibasi iwo asanalize injini.

"Ukupita kuti iwe?"

"Kokasochera nanu."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiponyera siwiti yozizira kukhosi, imene sasowa nayo m'thumba. Tinatula amayi atatu kusikelo, ndipo m'malo modikira panja monga pepala limanenera, tinabwerera theka la njira n'kukhotera m'kamsewu kafumbi. Kumapeto kwake kunali kanyumba kamalata kokhala pa njerwa. Mayi Ozella anatulutsa poto wa mpiru ndi chikondamoyo chokulunga m'nsalu, zonse za m'khitchini mwawo, n'kundisenzetsa.

"Odi kuno! Shantrice, usadzuke, ndalowa kale."

Shantrice anali mtsikana wa zaka 22 amene tinkamutenga kusikelo miyezi yapitayo. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi chichirire. Aliyense wobwera kudzaona mwana wakhanda amathamangira khandalo, koma Mayi Ozella analidutsa osaliyang'ana n'komwe. Anagwada, n'kudina phazi la mayi wake ndi chala. Pamene anadinapo panatsala kadzenje.

"Mutu?"

"Pang'ono chabe, amayi. Ndi tulo, mwanayu sagonetsa."

"Maso?"

"Nthawi zina ndimaona tinyenyezi. Koma musade nkhawa, ine ndine wolimba."

"Za kulimbazo ukawauze a kumanda, onse aja anali olimba. Bweretsa mkono."

Anamumanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi, n'kuyang'ana nambala, n'kuyezanso kachiwiri. Kenako anaimirira.

"Vala nsapato."

"Amayi, tsitsi langali lili chonchi..."

"Tsitsi lakolo palibe akulifuna. Renita, nyamula mwana. Osati choncho iwe, si faelo imeneyo!"

Kuchipatala, mtsikana wa pawindo anati tikhale pabenchi tidikire. Mayi Ozella anaika chikwama chawo pawindopo. "Mwanayu wachira masiku asanu ndi limodzi apitawo, mutu ukumupweteka, akuona nyenyezi, ndipo nambala yake ndi iyi ndalembayi. Ine ndiima pano pomwe mpaka adokotala abwere. Musadandaule za ine, ndabwera ndi chakudya changa." Sipanapite mphindi khumi, Shantrice anamulowetsa. Anagonekedwa masiku atatu, ndipo lero ali moyo, akukalipira mwana wake ngati mayi wina aliyense.

Pobwerera madzulo, dzuwa linatilasa m'maso. Mayi Ozella anatsitsa chotchingira dzuwa cha patsogolo pawo, ndipo kuseri kwake ndinaona kabuku ka maliro komangidwa ndi kalabala. Kwathu kuno maliro sakwanira popanda kabuku kotere: chithunzi pachikuto, tsiku limene dzuwa la munthuyo linatuluka ndi limene linalowa, mbiri yake, nyimbo, maina a onyamula bokosi. Nyumba iliyonse ili ndi mulu wake m'Baibulo kapena m'katoni. Kameneka kanali katafiira m'mbali, koma nkhope ndinaidziwa. Anali Denitra, amene tinkamutchula Nitra, mwana wawo mmodzi yekhayo, mnzanga wa pampando umodzi m'basi ya sukulu.

Ndinachotsapo maso. Iwonso anangoyang'ana msewu.

Nitra anali waphokoso, wa mpata pamano, woluka tsitsi kuposa aliyense m'dera lino. Akaseka ku saluni, agalu a kuseri kwa tchalitchi ankauwa. Anamwalira ali ndi zaka 27, tsiku lachisanu ndi chimodzi atabereka mwana wamkazi, Jalisa. Nkhani yake tauni yonse inkaidziwa: mutu unamupweteka, anaimba foni kuchipatala, anamuuza kuti amwe mapilitsi agone. Madzulo anamupeza atagwa m'khitchini. Ndimamusowa mpaka lero, makamaka ndikamva nthabwala yabwino n'kusowa woiuza. Kabuku kanga ka maliro ake ndinakataya posamuka nyumba, ndipo ndimachita nazo manyazi. Timabuku tina tonse timene Mayi Ozella anasunga tinanyowa chaka chimene madzi analowa m'nyumba mwawo. Kanatsala n'komweko ka m'galimoto.

Chimene chinachitika pa chakudya cha pamaliro nachonso tauni inachiona. Mwamuna wa Nitra, Lemuel Banks, anali mnyamata wofatsa wogwira ntchito kufakitale ya nsomba. Anthu ali pakati pa kudya, Mayi Ozella anaimirira n'kumuloza chala.

"Iwe unali kuti pamene mwana wanga amafa?"

Lemuel anaika mbale pansi, n'kutuluka. Mwezi usanathe anatenga khanda lija n'kupita nalo ku Chicago kwa alongo ake. Zaka ziwiri zoyamba kunkabwera zithunzi pa Khirisimasi. Kenako anasamuka, nambala ya foni inasintha, ndipo makalata anayamba kubwerera. Papita zaka 13.

Chaka chilichonse Mayi Ozella amagula khadi ya tsiku lobadwa la Jalisa, n'kuilemba, n'kuiika m'dilowa. Ndipo ali ndi chizolowezi chimene kale ndinkachiseka. Akaona mtsikana wa msinkhu wa Jalisa, kutchalitchi kaya m'sitolo, amamuimitsa.

"Iwe, uli ndi zaka zingati? Nanga nsapato umavala nambala yanji?"

Ana amangoti agogo awa mutu wayamba kuzungulira. Koma iwo amakhala akuyeza mdzukulu wawo. Tsiku lina ndinawapeza mu ofesi ataima pa mashelefu a nsapato aja, atatambasula chikhatho pa shelefu yopanda kanthu. "Panopa ayenera kuti wafika pa 7," anatero. "Nitra anali wa mapazi aakulu."

Mu Meyi munabwera kalata imene ndinkaiopa. Thandizo la minibasi linali kutha pa 30 Juni, ndipo eni ake anati chaka chino maso awo ali pa zinthu zina. Minibasi imadya madola 90,000 pachaka, kuphatikiza mafuta, inshuwalansi ndi malipiro a dalaivala. Milamba ya Loweruka siingafike pamenepo ngakhale titakazinga mtsinje wonse.

Mkulu wa bungwe lathu ndi Bambo Wardell Gaines, munthu wabwino mtima koma wokonda maikolofoni. Anabwera pa desiki yanga akupukuta thukuta ndi kansalu. Anati ku Jackson kuli nkhomaliro ya anthu a ndalama, kumene mabungwe asanu adzapatsidwe mphindi zitatu lililonse, ndipo lowakhudza mtima kwambiri lidzatenga thumba lonse. Zonsezo adzazijambula n'kuziika pa intaneti.

"Ndili ndi manambala onse," ndinatero. "Amayi 212 chaka chatha, palibe amene tinamutaya."

"Manambala sagwetsa misozi, mlongo wanga. Tikufuna nkhope. Tikufuna Mayi Ozella akanene za Denitra."

"Ndiye mukawauze nokha."

"Ine? Ndikufuna kufa? Iwe amakukonda."

Ndinawapeza akutsuka minibasi kuseri kwa ofesi. Ndinazungulira nkhani ngati munthu wodzabwereka mchere, mpaka anatseka mpopi.

"Mukufuna kugulitsa mwana wanga."

"Tikufuna mafuta, amayi. Pa 1 Julayi makiyi awa ndiwatsekera m'dilowa."

Anafinya chinsanza, n'kuchifinyanso chitauma kale.

"Kanema wakeyo aliyense angathe kuonera?"

"Aliyense."

"Ngakhale ku Chicago?"

"Ngakhale ku Chicago."

"Kalembe."

Ndinalemba, ndipo ndinalemba bwino, chifukwa imeneyo ndiye ntchito yanga. Ndinamuchotsa Nitra phokoso lake, fodya wake ndi pakamwa pake, n'kumusiya mtsikana wofatsa wokonda Mulungu amene anapempha thandizo koma osamvedwa. Ndinawerenga ndekha misozi n'kulengeza. Sabata yotsatira, anzathu atapita kukadya, ndinawaimika Mayi Ozella pakati pa ofesi kuti ayeserere, ine nditagwira wotchi.

Anawerenga bwinobwino mpaka pa mzere wakuti, "Mwana wanga anaimba foni kamodzi, ndipo palibe anamumvera." Pamenepo anaima.

"Pitirizani, amayi, nthawi ikutha."

"Anaimba kawiri."

"Pepani?"

"Renita Claudette, ika wotchiyo pansi." Anakhala pa kabenchi koyesera nsapato kamene tinakapeza m'nyumbamo. "Foni yoyamba anaimba kuchipatala. Yachiwiri anaimbira ine. Ndinali pa basi, nditatsala ndi ana khumi ndi awiri oti ndiwatule. Akuti, amayi, mutu ukung'ambika. Ukudziwa chimene ndinamuyankha? Ndinati, Nitra, tonse tinachirapo, mutu umatero. Anthu aja akuuza kale kuti ugone, usapitenso kukawavutitsa, angatinene kuti ndife aphokoso. Manga mpango wonyowa, ndibwera ndikatula ana. Ndinatula ana onse, mmodzimmodzi, pakhomo pawo. Wina anaiwala chikwama, ndinabwerera kukamupatsa."

Panja galimoto ya zinyalala inkabwerera m'mbuyo ikulira.

"Kenako ndinakaimirira pamaso pa anthu n'kuloza mwana wa eni. Iye anali kuntchito, foni zawo amazisiya m'kabati. Amene anamva mawu a Nitra omaliza ndine. Zaka 13, ndiwe woyamba kumva zimenezi."

"Amayi, inu simunali nesi. Amene anaphunzira za matendawa ndi iwo. Akanamuuza kuti abwere msanga, bwenzi ali moyo."

"Ndikudziwa. Mlandu wawo ndi wawo, sindiwachotsera. Koma kukhala chete ndinamuphunzitsa ndine, monga anandiphunzitsira mayi anga. Mtsikana waphokoso ngati uja, tsiku limodzi lokha limene anafunika kuchita phokoso, ine ndinamutseka pakamwa."

Ndinachita mantha, ndipo sindibisa kuti mantha oyamba anali a ndalama. Anthu opereka thandizo amafuna nkhani yowongoka, yokhala ndi wolakwa mmodzi amene sali m'chipindamo. Koma mantha achiwiri ndi amene ndinawatchula.

"Musakanene zimenezi kumeneko. Jalisa akaonera kanemayo, chinthu choyamba kumva kwa agogo ake chidzakhala chimenechi. Mwadikira zaka zonsezi kuti akudziweni. Mukufuna akudziweni choncho?"

"Ukuganiza kuti sindinaganize?"

"Ndiye werengani pepalali basi. Palibe bodza m'menemo."

"Palibenso Nitra m'menemo." Analipinda kanayi n'kuliika m'chikwama. "Tiye, amayi aja akudikira."

Tsiku la nkhomaliro anavala diresi lofiirira ndi chipewa chawo cha Isitala, chimene chimafuna mpando wakewake m'galimoto. Holoyo inali yozizira ngati filiji. Patebulo panali mafoloko atatu pa munthu mmodzi, ndi nkhuku yosathira kanthu. Mayi Ozella analawa, n'kundinong'oneza kuti, "Nkhuku iyi yafa chabe." Mabungwe atatu analankhula tisanafike ife. Anyamata ena aukhondo anaonetsa pulogalamu ya pafoni yokumbutsa amayi za sikelo, ndipo anthu anaomba m'manja kwambiri. Ine ndinkangoganiza kuti ukakumbutsidwa, upita pa chiyani?

Atawaitana, anakwera pang'onopang'ono, n'kutambasula pepala langa. Anawerenga mizere iwiri. Ndinayamba kupuma. Kenako analipindanso, n'kuchotsa magalasi.

"Mwana amene walembedwa apayu ndi wabwino, koma si wanga. Wanga ankasuta, ankatukwana, ndipo ankandiyankha. Ndikuuzani za ameneyo."

Bambo Wardell anandiponda phazi pansi pa tebulo. Mayi Ozella ananena zonse. Ananena za chipatala, osachinyengerera. Ananena za foni yachiwiri, za mpango wonyowa, za chikwama cha mwana uja. Mtsikana wosunga nthawi anakweza kakhadi kake kofiira, iwo n'kumuuza kuti, "Tsitsa mkono, mwanawe, utopa." Mafoloko onse anali atagona. Kenako anafunafuna ndi maso mpaka anapeza wojambula uja, n'kuyang'ana m'kamera mwenimweni.

"Lemuel, ngati zimenezi zingakupeze. Unali kuntchito, ukufunira mkazi wako ndi mwana wako chakudya. Ndinakusenzetsa katundu wanga pamaso pa anthu, ndiye ndikumutenganso pamaso pa anthu. Ndinakulakwira, mwana wanga. Ndipo iwe kamtsikana, mayi ako ankaseka mpaka agalu kuuwa. Ngati nawenso umaseka choncho, wina asakuletse."

Anavalanso magalasi, n'kutembenukira kwa anthu a ndalama aja.

"Inu mumalipira ulendo wa mayi mpaka mwana atabadwa. Zikomo. Koma wanga anafa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ine ndimapita kwa aliyense tsiku limenelo, ndipo mtsikana wa ndalama uyo amandikalipira mwezi ndi mwezi. Ndikupempha mafuta a tsiku limenelo. Ndatha."

Anatenga mphindi zisanu ndi ziwiri. Anthu anaimirira, ena akulira, ndipo mayi wina wa mikanda yodula anawakumbatira mpaka chipewa kupendekeka. Pobwerera, Bambo Wardell ankawerengera kale za minibasi yachiwiri.

Thumba lija anatenga anyamata a pulogalamu ya pafoni.

Ife anatitumizira kalata yokoma kwambiri, yoyamikira kulimba mtima kwa Mayi Ozella, ndi theka la ndalama zimene tinkafuna, za chaka chimodzi. Pansi pake panali mzere womwe uja: zotengera amayi kusikelo asanachire. Ndinaiwerenga katatu, kenako ndinatuluka kukatukwana kuseri kwa ofesi kumene kulibe anthu. Munthu watulutsa mtima wake n'kuuika pambale, iwo n'kuombera m'manja, koma chingwe osachimasula! Kuyambira Julayi minibasi imayenda masiku atatu pa sabata, ndipo malipiro a Mayi Ozella anadulidwa pakati. Iwo sanadandaule za malipirowo. Chimene ankafuna chinali china.

Lolemba lililonse ankaima kumbuyo kwa mpando wanga.

"Tatsegula kanema uja tione. Aonera angati?"

"Anthu 640."

"A ku Chicago?"

"Asanu ndi anayi."

"Sichinena maina?"

"Sichinena, amayi."

"Makina opusa."

Ndinkawamvera chisoni, komanso ndinkadziimba mlandu. Ndine ndinawatengera kumeneko. Mwina Jalisa anaonera n'kutseka pakati. Mwina Lemuel anaonera n'kunena kuti zaka 13 zachedwa. Mwinanso asanu ndi anayi aja anali anthu ongodutsa. Mayi Ozella anayamba kuchepa thupi, ndipo anasiya kufunsa atsikana za nsapato.

Pa 3 Ogasiti, ndikuona ndalama zimene anthu amapereka kudzera pa intaneti, ndinapeza dzina latsopano. Madola 25, obwera mwezi uliwonse. L. Banks, Chicago, ndi adiresi yonse. Pamalo pamene wopereka amalemba chimene akufuna kuti ndalama yake igwire, panali mawu amodzi: mafuta. Panalibe moni, panalibe china chilichonse.

Ndinakhala nditagwira pakamwa. Lamulo lathu ndi lakuti adiresi ya wopereka siituluka mu ofesi yanga, ndipo ndinalisainira ndekha. Komanso munthuyu sanapemphe kuti apongozi ake amupeze. Ndikanawapatsa adiresi, ndikuwadziwa, akanathira mafuta n'kukagogoda pakhomo mawa lake, ndipo mwina chitseko chikanatsekedwa kachiwiri. Koma tili ndi lamulo linanso: aliyense wopereka, ngakhale dola imodzi, amalandira kalata yothokoza yosainidwa ndi dzanja la mmodzi wa ife. Ndinasindikiza kalatayo, ndinalemba adiresi pa envelopu, n'kuitembenuza chafufumimba patebulo.

Atabwera kudzasiya makiyi, ndinawapatsa cholembera.

"Sainani apa. Lero dzanja langa likupweteka."

"Ulesi basi. Ndi ya ndani?"

Anawerenga dzina pamwamba pa kalatayo. Anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando, mwamwayi unalipo. Anawerenganso, milomo ikuyenda.

"Wanena chiyani?"

"Walemba kuti mafuta."

"Basi?"

"Basi."

"Za mwana sananene?"

"Ayi, amayi."

Anayang'ana envelopu yotembenuzidwa ija nthawi yaitali. Dzanja lawo linali pafupi nayo, ndipo ndikanati ndiyang'ane kumbali, sindikanawaletsa. Sanaigwire. Anaimirira n'kutuluka, ndinamva chitseko cha minibasi chikutseguka, ndipo anabwerera atanyamula kabuku ka maliro kaja. Anakapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi.

"Amayi, n'kokhako kamene katsala."

"Ine ndinakaloweza konse, mpaka maina a onyamula bokosi. Iye sanakaonepo."

Anasaina kalata ija dzina lonse, monga amasainira ku banki. Kenako cholembera chinaima m'mwamba. Ndinkayembekeza kuti adzaza pepala lonse mpaka kuseri, zaka 13 za mawu. Analemba mzere umodzi pansi pa dzina lawo, ndipo ndinauona chifukwa sanaubise: "Nsapato amavala nambala yanji?"

Anaika kalata ndi kabuku m'envelopu, ikadali chafufumimba, n'kumata okha. Ndinakaponya ndine.

Tsopano ndi Disembala. Madola 25 aja amalowa pa 3 mwezi uliwonse, osaphonya, ndipo ndi ndalama yokhayo m'mabuku anga imene ndimailemba molunjika pa maulendo a tsiku lachisanu ndi chimodzi. Siikwanira, zotsalazo zimachokerabe ku milamba, koma za mamailosi sitiyambananso. Yankho la kalata ija silinabwere. M'mawa uliwonse Mayi Ozella amadutsa pa desiki yanga, osafunsa kanthu, amangoyang'ana mulu wa makalata. Ine ndimapukusa mutu, iwo amatenga makiyi.

Sabata yatha ndinapita nawo kwa mtsikana wina wa kutsidya kwa njanji amene anali atangochira. Pobwerera dzuwa linatilasanso m'maso, ndipo anatsitsa chotchingira chija. Kalabala kaja kadakalipo, sikanamange kanthu. Anakakonza ndi chala kuti kakhale bwino, n'kubwezera dzanja pachiwongolero.

"Makalata a ku Chicago amachedwa nthawi ya Khirisimasi, eti?"

"Amachedwa, amayi," ndinatero.